Antibody yoonera MGP m'mitsempha youma: ndiitanitse iti?

Tiyamike (Blantyre)
Moni nonse a m'gulu. Ndabwera ndi nkhani ya ku labu, mundigawireko nzeru. Kafukufuku wanga wa masters ndi wa mitsempha ya magazi ya m'miyendo ya odwala shuga amene anadulidwa miyendo. Mabuloko a sera osungiramo minofuyo alipo kale ndipo chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndinalandira. Nditapaka von Kossa, utoto wa siliva woonetsa pamene pauma, ambiri akuonetsa mzere wakuda bii pakati penipeni pa khoma la mtsempha, ndiye kashiamu alipo ndithu. Tsopano a supervisor akufuna tione ngati pamalo amenewo pali puloteni ya MGP, matrix Gla protein. Ndayenda pa mawebusaiti a makampani, ma antibody (mapuloteni ogwira puloteni imene ukuifuna kuti ioneke pa silaidi) olembedwa kuti anti-MGP ndi ambirimbiri, ena a kalulu, ena a mbewa, ndipo kabotolo kamodzi ndi madola mazana angapo. Ndalama zomwe zatsala zikukwanira kabotolo kamodzi basi. Ndigule iti?

Yamikani (Johannesburg)
Achemwali, musavutike nazo kwambiri. Sakani imene yatchulidwa m'mapepala ambiri a kafukufuku, yomwenso datasheet yake ikunena kuti imagwira pa IHC ya paraffin, kutanthauza kupaka antibody pa minofu ya m'mabuloko a sera. Polyclonal ya kalulu, yogwira zigawo zambiri za puloteni, nthawi zambiri imapirira formalin (mankhwala osungira minofu) kusiyana ndi monoclonal, yogwira chigawo chimodzi. Ife kuno timatero.

Mayi Nasibeko
Mwanangu Tiyamike, za antibody zidikire pang'ono, ndiyambe ndafunsa za mabulokowo. Minofuyo inakhala nthawi yaitali bwanji mu formalin? Nanga inaviikidwa mu asidi kapena mu EDTA, zosungunula kashiamu, kuti mpeni udutse? China, von Kossa saona kashiamu mwachindunji. Siliva uja amagwira phosphate ndi carbonate. Upake Alizarin Red pa silaidi yotsatana nayo, ikafiira pamalo omwewo ndiye ulembe mosaopa kuti ndi kashiamu.

Tiyamike (Blantyre)
Zikomo mayi. Mitsemphayo inapatulidwa ku mwendo osaviikidwa mu asidi, n'chifukwa chake von Kossa ikugwirabe. Koma podula ikuvuta, mpeni ukuchita kumveka ukukhula, ndipo mbali zolimbazo zikuthothoka. Za formalin, mabuku a mu labu akusonyeza kuti ina inakhala masiku awiri, ina sabata yathunthu kapena kupitirira.

Mayi Nasibeko
Kusiyana kwa masiku kumeneko ukulembe pa buloko lililonse, kudzakuthandiza mtsogolo. Formalin akakhalitsa amamanga mapuloteni kwambiri, antibody n'kulephera kupeza pogwira. Ukadzaona silaidi ina yatuwa, uyambe wayang'ana masiku amenewo usananene kuti wodwalayo analibe MGP.

Dr. Kondwani (Glasgow)
Mng'ono wanga, funso loti ugule iti likhale lachiwiri. Loyamba ndi loti ukufuna kuona MGP iti, chifukwa puloteni imeneyi sipezeka mu mkhalidwe umodzi.

Selo ikamaipanga imakhala ndi ma amino acid 103. Oyambirira 19 amadulidwa, n'kutsala 84. Kenako imakonzedwa pawiri. Choyamba, ma glutamate asanu amawonjezeredwa carboxyl n'kusanduka Gla, ndipo enzyme yogwira ntchito imeneyi siyenda popanda vitamini K. Chachiwiri, ma serine atatu a kumayambiriro, pa 3, pa 6 ndi pa 9, amalandira phosphate. MGP yokhala ndi Gla ndi imene imakakamira ku timibulu ta kashiamu n'kutiletsa kukula, ndiyonso imatchinga puloteni ya BMP-2 kuti isasandutse maselo a m'khoma la mtsempha kukhala opanga fupa. Yopanda Gla imakhalapo, antibody wamba imaiona bwinobwino, koma siteteza kanthu.

Ndiye taganiza. Wapaka antibody wamba, waona bulauni wadzaoneni kuzungulira kashiamu. Ulemba kuti chiyani? Kuti chitetezo chachuluka? Zikhoza kutheka kuti yonseyo ndi yopanda Gla, thupi linapanga yambiri koma yosagwira ntchito. Chithunzi chomwecho munthu angachimasulire m'njira ziwiri zotsutsana, ndipo pa chithunzicho palibe chokuuza kuti yoona ndi iti.

Gulu la Cees Vermeer ndi Leon Schurgers ku Maastricht, ku Netherlands, linapanga ma monoclonal osiyanitsa mitunduyi. Zimene anasindikiza mu 2005 zikukhudza ntchito yako mwachindunji. M'mitsempha yabwinobwino anapeza MGP yokhala ndi Gla itatsatira ulusi wa elastin, pamene m'mitsempha ya Mönckeberg, kuuma kwa pakati pa khoma kumene iwe ukuona, yopanda Gla ndi imene inazungulira malo onse a kashiamu. Pepala limenelo uliwerenge kaye ndalama isanatuluke.

Limbani (Lusaka)
Pepani akuluakulu, ine ndine wa tizilombo ta TB, za mitsempha ndili kutali nazo. Kodi kashiamu ameneyu amalowa bwanji m'mtsempha? Ine ndimayesa ndi ukalamba chabe.

Dr. Chisomo (Lilongwe)
A Limbani, funso labwino. Ambiri amaganiza kuti zimachitika monga mmene ketulo imayangira zoyera mkati mukamaphitsa madzi a pamjigo, kuti zimangounjikana zokha ndi nthawi. Kumbali ina n'zoona, chifukwa m'magazi athu muli kashiamu ndi phosphate wokwanira kuti aziundana. Chodabwitsa n'choti mwa munthu wathanzi saundana, ndipo chifukwa chake n'choti thupi limawaletsa usana ndi usiku. Zoletsa zake zilipo zingapo: pyrophosphate amene amapangidwa ndi enzyme ya ENPP1, fetuin-A yochokera ku chiwindi yomwe imayenda m'magazi, ndi MGP imene imapangidwa pamalo pomwepo ndi maselo a minofu ya m'khoma la mtsempha komanso maselo a chichereŵechereŵe.

Umboni wamphamvu unabwera mu 1997. Labu ya Gerard Karsenty inapanga mbewa zopanda jini ya MGP. Zinabadwa zooneka bwino, koma mitsempha yake ikuluikulu inauma mpaka kuphulika, ndipo zinafa pasanathe miyezi iwiri. Mwa anthu kuli matenda osowa kwambiri otchedwa Keutel syndrome, ndipo mu 1999 zinadziwika kuti gwero lake ndi kuwonongeka kwa jini yomweyi. Odwala ake chichereŵechereŵe cha m'makutu, m'mphuno ndi m'kholingo chimauma. Ndiye ukalamba umathandizira, koma shuga ndi matenda a impso amafulumizitsa zinthu kwambiri. Impso zikafooka phosphate amakwera, ndipo maselo aja amayamba kusintha khalidwe.

Limbani (Lusaka)
Ndamva tsopano. Zikomo a dokotala.

Yamikani (Johannesburg)
A Kondwani, zonse mwanenazi sindikuzikana. Koma tiyeni tione pamene achemwali athu aima. Ali ku Blantyre, ali ndi ndalama ya kabotolo kamodzi, masters ili ndi tsiku lothera. Ma antibody a ku Maastricht aja si oti ungolowa pa katalogi iliyonse n'kuwapeza. Tikawauza zapamwamba zokhazokha, chaka chitha alibe silaidi ngakhale imodzi. Ine ndikuti atenge yomwe anthu ambiri agwiritsa kale ntchito, apite patsogolo.

Dr. Kondwani (Glasgow)
Achimwene, za nthawi ndi ndalama ndikugwirizana nanu kwathunthu, inenso ndinaphunzirira kumudzi komweko. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa mawu oti "anthu ambiri agwiritsa kale ntchito". Kuchuluka kwa mapepala sikutsimikizira antibody. Mukumbukire nkhani ya estrogen receptor beta. Kwa zaka zambiri anthu ankasindikiza kuti ili m'mabere ndi m'ziwalo zina zambiri. Mu 2017 gulu la ku Sweden linayesa ma antibody 13 a puloteni imeneyo, n'kupeza kuti pa IHC imodzi yokha ndi imene inkagwira chinthu choyenera, ndipo sinali imodzi mwa zotchuka zija. Zaka za anthu ndi ndalama zankhaninkhani zinapita pa utoto womwe unkagwira mapuloteni ena.

Mu 2023 a YCharOS, gulu loyesa ma antibody la ku Montreal, anasindikiza mu eLife zotsatira za ma antibody 614 ogulitsidwa, a mapuloteni 65, atawayesa pa maselo ochotsedwa jini. Oposa theka analephera pa njira imodzi kapena kuposerapo. Anapezanso kuti ma recombinant, opangidwa kuchokera ku jini yodziwika, ankachita bwino kusiyana ndi ma monoclonal akale ndi ma polyclonal. Anayesa mapuloteni okhudza ubongo, osati MGP, koma makampani ndi omwewo ndipo kapangidwe ndi komweko.

Ndi polyclonal palinso vuto lina. Kalulu uja akatha, lot yatsopano, kutanthauza gulu la mabotolo opangidwa pamodzi, imachokera kwa kalulu wina. Nambala ya pa katalogi imakhala yomweyo koma zam'botolo zasintha. Pepala la zaka khumi zapitazo likhoza kukhala loona, koma botolo lomwe Tiyamike angalandire lero si lomwelo.

Yamikani (Johannesburg)
Za lot ndikuvomera. Zinatichitikira kuno ndi antibody ina, pa Western (kuyesa koonetsa puloteni ngati mzere pa gel) lot yoyamba mzere umodzi woyera bwino, yachiwiri mizere inayi. Koma ndiye mupereke njira yotheka.

Tiyamike (Blantyre)
Eya, chonde. Ndawerenga uthenga wa a Kondwani kawiri ndipo mtima wanga wagunda. Kuno tilibe mbewa zochotsedwa jini, ndipo ndalama yogulira maselo ndilibe. Ndingatsimikize bwanji ndi zomwe ndili nazo?

Dr. Kondwani (Glasgow)
Usataye mtima. Pali njira ziwiri, ndipo ukhoza kuyamba zonse sabata ino.

Yoyamba ndi kulemba kalata. Lembera anthu amene amagwira ntchito ya MGP, ufotokoze kuti uli ndi mitsempha ya odwala shuga a ku Malawi, mabuloko angati, chilolezo chilipo. Minofu yotere ya anthu a kwathu sipezeka kawirikawiri m'mapepala a kuuma kwa mitsempha, ndiye suli wopemphapempha, nawenso uli ndi chobweretsa. Akhoza kukutumizira kachigawo ka antibody kapena kupempha masilaidi kuti akapake kwawo. Ngati masilaidi akutuluka m'dziko, pafunika MTA, pangano losamutsira zoyeza kupita ku labu ina, ndi chilolezo cha komiti imene inavomereza kafukufuku wako. Izi a supervisor azidziwe tsiku loyamba, chifukwa mapepala amenewo amatenga nthawi.

Yachiwiri ndi kugula ya MGP yonse, n'kuchepetsa zimene udzanene. Udzalembe kuti ukuona pamene MGP ili, osati ngati ikugwira ntchito. Imeneyo ndi masters yolemekezeka ndithu. Posankha, uyang'ane chimene anabaya nacho nyamayo. Ngati inali puloteni yopangidwa mu E. coli, dziwa kuti mabakiteriya alibe enzyme yoika Gla, ndiye nyamayo inaona MGP yosakonzedwa. Antibody yotere mwina imaona mitundu yonse, mwina imakondera umodzi. Afunse a kampani kuti imagwira chigawo chiti cha puloteni. Ngati ndi pakati, pomwe pali ma Gla ambiri, kapena kumayambiriro pa ma serine, kukonzedwa kuja kungasinthe kagwiridwe kake. Ya kumapeto kwa puloteni ndi imene ingaone yonse mosakondera. Afunsenso ngati anaiyesa ndi osteocalcin, chifukwa nayonso ndi puloteni ya Gla, ndi yaing'ono, ndipo imapezeka m'mitsempha youma. Kampani imene ikukana kunena ngakhale chigawo chokha, isiye.

Mayi Nasibeko
Ine ndilankhule za pa benchi, pakuti ndi pamene ndakalambira. Malo a kashiamu amakoka chilichonse. Antibody yoyamba, yachiwiri imene imagwira yoyambayo, ngakhale DAB yemwe, mankhwala opanga utoto wabulauni uja, zonse zimatha kukanirira pamenepo. Ndaonapo ophunzira akujambula zithunzi zokongola, mzere wabulauni kuzungulira mwala uja, akusangalala. Tikabwereza popanda antibody yoyamba, mzere uja uli pompo.

Ndiye pa buloko lililonse udule masilaidi otsatana. Imodzi ya von Kossa kapena Alizarin, imodzi ya antibody yako, imodzi yopanda antibody yoyamba, ndi imodzi ya IgG wamba (antibody yosagwira MGP) wa nyama yomweyo pa mlingo wofanana ndendende. Ya IgG wambayo ndi yofunika kuposa yopanda kanthu ija, chifukwa ndi imene imakuonetsa ngati mwala uja ukungokoka antibody iliyonse. Usachite izi pa buloko limodzi lokha n'kunena kuti zatha. Louma kwambiri ndi louma pang'ono amachita mosiyana.

Za kuthothoka, gwiritsa ntchito masilaidi a charged ndipo uwaumitse usiku wonse. Ukasenga buloko mpaka kufika pa mnofu, uligoneke chafufumimba pa EDTA kwa kanthawi, ulitsuke, uliike pa ayisi, kenako udule. Asidi umupewe, amawononga pogwira antibody. Koma EDTA yemweyo usamuchulutse, chifukwa MGP imamatirira ku kashiamu, ukasungunula kashiamu yense ina imapita nawo. Masilaidi a von Kossa ndi Alizarin uziwadula usanagoneke buloko pa EDTA. Powiritsa masilaidi mu citrate wa pH 6 kuti pogwira antibody patseguke, usalole madzi kubwadamuka, mbali zolimba ndi zimene zimayamba kunyamuka. Ukayesa Tris-EDTA wa pH 9 usamale koposa, ameneyo amanyamula minofu msanga.

Yamikani (Johannesburg)
Ndiwonjezere pa zimene mayi anena. Ngati mukuganiza za fluorescence, elastin imawala yokha mu channel yobiriwira, ndipo MGP imakhala pa elastin pomwepo. Munthu akhoza kujambula elastin n'kumati ndi MGP. Ngati n'kotheka tengani secondary ya far-red, apo ayi khalani pa DAB.

Tiyamike (Blantyre)
Tili ndi maikulosikopu wamba, ndiye ndi DAB. Nanga control yotsimikiza kuti antibody ikugwira ndithu nditenge chiyani? Kampani ina ikugulitsanso blocking peptide, kachidutswa ka puloteni kamene anapangira antibody, akuti ndi yotsimikizira.

Dr. Kondwani (Glasgow)
Peptide imeneyo usatayirepo ndalama. Ukasakaniza antibody ndi peptide imene inaipangitsa, utoto uzimiririka ndithu, kaya antibody imagwira MGP kapena puloteni ina yofanana nayo pachigawo chimenecho. Imangosonyeza kuti antibody imadziwa peptide yake. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Mathias Uhlén linasindikiza mu Nature Methods mu 2016 njira zisanu zotsimikizira antibody, ndipo imeneyi mulibemo. Zimene zilimo ndi kuchotsa kapena kuchepetsa jini, kuyerekeza ndi njira ina yosadalira antibody monga kuyeza RNA, kugwiritsa ntchito ma antibody awiri ogwira zigawo zosiyana, kuika chizindikiro pa puloteni, ndi kukoka puloteni n'kuiyeza pa mass spectrometry.

Kwa iwe, yapafupi ndi ya ma antibody awiri. Makampani ena amagulitsa timabotolo ting'onoting'ono toyesera. Kusiyana n'kutenga botolo limodzi lalikulu, tenga awiri aang'ono ogwira zigawo zosiyana. Akaonetsa chithunzi chofanana pa masilaidi otsatana, uli ndi poimira. Akasiyana, wadziwa msanga ndalama zisanathe.

Mayi Nasibeko
Ya positive, pempha buloko la kholingo kapena la nthiti lomwe lili ndi chichereŵechereŵe. Maselo ake amapanga MGP, uyenera kuona utoto mwa iwo ndi mowazungulira. Ufunikanso mtsempha wosauma woyerekezera. Miyendo yodulidwa chifukwa cha ngozi za pamsewu, ya achinyamata opanda shuga, ndi imene ingathandize. Koma uone ngati chilolezo chako chikuphimba mabuloko amenewo. Ngati sichikutero, upemphe kuwonjezera usanakhudze ngakhale limodzi. Amenewo ndi matupi a anthu, ena a iwo akali moyo ndipo akuyendera ndodo.

Yamikani (Johannesburg)
Chabwino, a Kondwani mwandikopa pa za timabotolo tiwiri. Ine ndithandize motere. Labu yathu ili ndi maselo a minofu ya aorta ya munthu. Ndikawafunsa abwana anga, ndikhoza kuchepetsa MGP ndi siRNA, yotontholetsa jini, n'kuyendetsa Western ndi ma antibody anu awiriwo. Mzere woona uyenera kuchepa pa maselo a siRNA. Ndikhozanso kuumba maselo omwewo mu formalin ndi sera, ndikutumizireni mabuloko awiri, la MGP ndi lochepetsedwa MGP, muwapake limodzi ndi masilaidi anu. Imeneyo ndiyo control yeniyeni ya IHC, chifukwa antibody yochita bwino pa Western sikuti yachita bwinonso pa paraffin.

Aliyense wofuna kuyesa Western ya MGP adziwe kuti ndi yovutirapo. Puloteni ndi yaing'ono, imaoneka cha m'ma 10 mpaka 14 kDa, ndiye pa gel wamba imathamanga n'kukathera pansi. Pamafunika gel ya Tris-tricine ndi membrane ya mabowo a ma micrometer 0.2, apo ayi imadutsa osaima. Sisungunukanso bwino. Komanso maselo amaitulutsa kunja, ndiye muziyang'ananso m'madzi omwe maselo akukuliramo, osati m'maselo mokha.

Limbani (Lusaka)
Nanga pa Western pomwepo simungasiyanitse ya Gla ndi yopanda Gla ndi kulemera kwake?

Yamikani (Johannesburg)
Ayi achimwene. Carboxyl iliyonse imawonjezera ma dalton 44 okha. Zisanu ndi 220. Gel singakuthandizeni pa kusiyana kochepa chonchi. Pamafunika antibody yosiyanitsa ija kapena mass spectrometry.

Tiyamike (Blantyre)
Achimwene Yamikani, sindikudziwa kuti ndithokoze bwanji. Ndiwauza a supervisor mawa m'mawa kuti alembere abwana anu.

Dr. Chisomo (Lilongwe)
Tiyamike, ine ndikupemphe chinthu chimodzi cha ku wodi. Pamene ukutsegula mafayilo a odwalawo, ulembe amene ankamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ulembenso creatinine yoyezera impso, ndi phosphate ngati anayezedwa. Warfarin amatchinga kayendedwe ka vitamini K, ndiye sakhudza mapuloteni oundanitsa magazi okha, amakhudzanso MGP. Paul Price, amene gulu lake linatulukira MGP m'mafupa a ng'ombe mu 1983, anasonyeza mu 1998 kuti makoswe opatsidwa warfarin wambiri, pamodzi ndi vitamini K1 woti asataye magazi, mitsempha yawo inayamba kuuma m'masabata awiri okha. Kwa odwala a dialysis, warfarin ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zokweza chiopsezo cha calciphylaxis. Amene anaonapo matendawa sangawaiwale. Timitsempha ta pansi pa khungu timatsekeka, khungu la pantchafu kapena pamimba limada n'kufa, ndipo ululu wake mankhwala wamba saugwira. Ukasakaniza omwa warfarin ndi osamwa m'gulu limodzi, zotsatira zako zidzasokonekera.

Limbani (Lusaka)
Ndiye a dokotala, bwanji osawauza odwala kuti asiye warfarin, azidya nkhwani ndi bonongwe wambiri? Vitamini K si ali m'masamba momwemo? Azakhali anga amamwa warfarin chifukwa cha mtima, nkhaniyi yandikhudza.

Dr. Chisomo (Lilongwe)
A Limbani, chonde, azakhali anu asasiye mankhwala chifukwa cha zimene mwawerenga muno. Ndikunena izi ndi mtima wonse. Ambiri omwa warfarin kwathu kuno ndi a matenda a mtima a rheumatic kapena oikidwa valve yachitsulo. Kwa iwo, kusiya ndi kuitana sitiroko, ndipo sitiroko imabwera msanga kuposa kuuma kwa mitsempha. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022, wa odwala rheumatic omwe mtima wawo umagunda mosalongosoka, anapeza kuti omwa mankhwala a gulu la warfarin anachita bwino kuposa omwa rivaroxaban, ngakhale pa imfa. Za masamba, asasiye kudya ndipo asachulukitse mwadzidzidzi. Azidya mlingo wofanana sabata ndi sabata kuti INR, muyeso wa kaundanidwe ka magazi, isamadumphedumphe, ndipo nyengo ya dzinja masamba akachuluka akayezetse.

Za kupereka vitamini K kwa amene samwa warfarin, chiyembekezo chinali chachikulu. M'magazi mumayezedwa dp-ucMGP, MGP imene ilibe Gla komanso phosphate, pogwiritsa ntchito ma antibody awiri a mtundu wa ku Maastricht uja. Odwala impso amakhala nayo yokwera kwambiri, ndipo akapatsidwa vitamini K imatsika ndithu. Koma kutsika kwa nambala si kuchira kwa mtsempha. K4Kidneys ya ku Scotland mu 2020 inapereka vitamini K2 kwa odwala impso kwa chaka, kulimba kwa mitsempha sikunasinthe. AVADEC ya ku Denmark mu 2022 inapereka K2 ndi vitamini D kwa abambo achikulire kwa zaka ziwiri, kuuma kwa valve ya aorta kunapitirira chimodzimodzi. N'chifukwa chake ntchito ngati ya Tiyamike ndimaiona yofunika. Tiyenera kuona chimene chikuchitika m'khoma mwenimwenimo, ndipo tione ndi chida chimene tatsimikiza.

Limbani (Lusaka)
Ndamva a dokotala, sindiwauza zosiya. Ndiwakumbutsa za INR.

Tiyamike (Blantyre)
Za warfarin ndi creatinine ndaziwonjezera pa fomu yanga. Funso lina: ELISA ya MGP, kiti yoyezera MGP m'magazi, yomwe makampani akugulitsa yotsika mtengo, ingathandize ngati titapeza ndalama yotenga magazi chaka chamawa?

Dr. Kondwani (Glasgow)
Funso lake ndi lomwe lija, ikuyeza mtundu uti? Makiti ambiri amangolemba kuti human MGP osanena ma antibody ali mkatimo amagwira pati. Nambala zake sungaziyerekeze ndi mapepala a dp-ucMGP. Yodziwika ya dp-ucMGP ndi InaKtif MGP ya kampani ya IDS, ndipo imayenda pa makina awoawo a iSYS. Ngati mudzatenge magazi, sungani plasma ya EDTA pa -80, kenako mudzafunefune labu yokhala ndi makinawo. Koma zimenezo ndi za chaka chamawa, malizani masilaidi kaye.

Mayi Nasibeko
Za kabweredwe ka katundu, mwanangu, umvetsere. Uwauze otumiza kuti phukusi linyamuke Lolemba, lisagone kumapeto a sabata m'nyumba yosungira katundu. Mapepala ochotsera katundu akhale okonzeka phukusi lisanafike, ndipo upereke nambala ya munthu amene amayankha foni. Tinalandirapo bokosi litakhala masiku ambiri panjira, ayisi yense atasungunuka, madzi ali ofunda. Likafika chonchi ulijambule usanatsegule kabotolo, uwalembere a kampani tsiku lomwelo. IgG ndi yopirira, masiku ochepa pa kutentha wamba nthawi zambiri saiwononga, koma ukhale ndi umboni.

Likafika, uwerenge pepala lake. Ngati akuti pa -20, uligawe m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwelo, kuti uzisungunula kamodzi kokha pa ntchito iliyonse. Usaike pachitseko cha firiji, ndipo upewe mafiriji odzisungunula okha aja. Usankhe firiji yomwe ili pa jenereta, magetsi athu ukuwadziwa. Timachubu tina ukasungitse mu labu ina, kuti firiji imodzi ikafa usataye zonse.

Yamikani (Johannesburg)
Njira ina, muitanitse kuti afikire kuno. Makampani ambiri ali ndi owaimira ku South Africa, katundu amafika msanga. Ine nditapako pang'ono pa Western ndi mabuloko a maselo aja, otsalawo abwere ku Blantyre pa ayisi ndi mapepala ake onse. Mukatero, ngati imodzi yalephera pa siRNA, tikadandaula ku kampani isanakwere n'komwe ndege yachiwiri.

Dr. Kondwani (Glasgow)
Maganizo abwino amenewo. Tiyamike, polemba thesis udzaike dzina la kampani, nambala ya katalogi, dzina la clone, nambala ya lot, RRID (nambala yozindikiritsa antibody), mlingo umene unasungunulira, ndi njira yowiritsira. Zithunzi za ma control zilowe mu thesis momwemo, zisatsale pa kompyuta. Ngati imodzi mwa ziwirizo idzalephere, udzalembenso zimenezo ndi nambala yake, kuti wobwera pambuyo pako asadzagulenso. Ukapeza atatu kapena anayi amene ukuwaganizira, tumiza ma datasheet muno tiwaone limodzi. Ine ndiyang'ana zigawo zimene akugwira.

Tiyamike (Blantyre)
Ndatumiza anayi pa foda ya gulu. Awiri ndi ma recombinant a kalulu, imodzi ndi monoclonal ya mbewa, ina ndi polyclonal. Wachitatuyo sanalembe chigawo, ndawalembera kalata kufunsa. Kalata ya ku Maastricht ndiyamba kuilemba usiku uno, a Kondwani mundiwerengereko ndisanapatse a supervisor. Mayi Nasibeko, Lachiwiri mungakhale ndi mpata woti tidule limodzi mabuloko atatu ovuta aja?

Mayi Nasibeko
Lachiwiri m'mawa ndilipo. Ubwere ndi mipeni yatsopano ndi bokosi la masilaidi a charged. EDTA ndisakaniza ndekha Lolemba, pH yake imafuna kudekha. Mabuloko atatuwo uwaike mufiriji ya pa 4 usiku wa Lolemba kuti adzafike ozizira.